Kudzutsa Fakitale ya Gasi Wamadzi: Ntchito Yosafuna Phuma

Pa 13 Novembala chaka cha 2022, pamene mtsogoleri wa dziko la Mozambique wa nthawi imeneyo, a Filipe Nyusi, adalengeza kwa anthu ake kuti sitima yotchedwa British Sponsor yanyamuka pa nyanja ya kufupi ndi Cabo Delgado itasenza gasi wamadzi woyamba kutuluka m'dzikomo, anthu ambiri adakondwera ndi tsikulo, monga kudali koyenera. Koma owerengeka okha ndiwo adadzifunsa chimene chinkachitika m'miyezi khumi ya m'mbuyo mwake, chifikire fakitale yoyandama ya Coral Sul pamalo ake mu Januwale wa chaka chomwecho. Pakuti chimphona chimenechi, chotalika mamita 432, chidachoka ku Geoje m'dziko la South Korea chili chomangidwa kale, chopakidwa utoto, ndi chopatsidwa dzina pamaso pa atsogoleri a maiko awiri. Komatu sichidatulutse dontho ndi limodzi lomwe logulitsa kufikira amisiri atachimangirira ndi maunyolo pansi pa nyanja yakuya pafupifupi mamita 2,000, atachilumikiza ku zitsime zake zisanu ndi chimodzi, atalowetsa gasi woyamba m'mimba mwake mu Juni, ndi kuchiziziritsa pang'onopang'ono kufikira chitazolowera chisanu chimene sichipezeka paliponse pansi pa thambo.

Nyengo imeneyi, ya pakati pa kutha kwa ntchito yomanga ndi kuyamba kwa malonda, mainjiniya amaitcha commissioning, ndipo ndiyo nyengo yoyesa ndi kudzutsa makina ogona, amodziamodzi, kufikira fakitale yonse itayamba kupuma. Siijambulidwa kawirikawiri, pakuti mulibe riboni yodula kapena gule wovina. Koma m'menemo ndimo mumaoneka ngati mabiliyoni onse a madola omangira fakitale adagula chuma kapena adagula misozi. Ndipo popeza abale athu a ku Mozambique ali ndi mafakitale ena a mtundu womwewu amene ali m'njira, si kutaya nthawi kulingalira momwe ntchito imeneyi ingayendere bwino koposa momwe yayendera m'maiko ena.

Gasi amene tikunena pano si uja wa m'masilinda amene amayi a ku Lilongwe kapena ku Chipata amaphikira, ngakhale onse awiri amayaka. Uja amasanduka madzi akangopanikizidwa pang'ono. Koma uyu, wotuluka m'zitsime zakuya, amene mbali yake yaikulu ndi methane, sagonjera kupanikiza kokha, ndipo afuna kuziziritsidwa kufikira madigiri 162 kunsi kwa ziro. Akafika pamenepo amasanduka madzi opanda mtundu ndi opanda fungo, osalemera ngakhale theka la madzi akumwa, ndipo amene ankadzaza malita 600 amakwana m'lita imodzi. Chotero chimene sichikadatha kuoloka nyanja chili mpweya chimaoloka chili madzi. Sitima yoyamba kuyesa ulendo wotere, Methane Pioneer, idachoka ku Louisiana kupita ku Canvey Island ku England mu 1959, ndipo Africa ndiye adatsegula malonda enieni pamene fakitale ya ku Arzew, m'dziko la Algeria, idayamba kutumiza gasi ku Ulaya mu 1964. Madoko ake ali a mitundu iwiri: otumiza, kumene mpweya umasandutsidwa madzi ndi kukwezedwa m'sitima, ndi olandira, kumene madziwo amatsitsidwa, nasungidwa m'matanki, natenthetsedwanso kuti abwerere kukhala mpweya wolowa m'mapaipi a dziko. Mitundu yonse iwiri imalimbana ndi chinthu chimodzi, ndicho kuzizira.

Chitsulo wamba, chimene ife timachiyesa cholimba koposa zonse, chikakumana ndi kuzizira kotere chimataya mphamvu yake yopirira, nichikhala chosachedwa kung'aluka. Ndipo ana a anthu adaphunzira ichi ndi mwazi. Pa 20 Okutobala 1944, mu mzinda wa Cleveland ku America, thanki ya kampani ya East Ohio Gas, yomangidwa m'masiku a nkhondo ndi chitsulo cha nikelo wochepa, idang'aluka. Madzi ozizirawo adasefukira m'misewu ndi kulowa m'ngalande za pansi pa mzinda, m'menemo nasanduka mpweya, nayaka, ndipo anthu pafupifupi 130 adafa. Pa maliro amenewo ndi pamene padachokera mwambo wa lero womanga matanki ndi chitsulo cha nikelo magawo 9 pa 100 alionse, ndi kuwazinga ndi linga lakuti madzi akatayika asapite kutali. Koma ngakhale chitsulo choyenera chili ndi khalidwe lake. Paipi ya chitsulo chosachita dzimbiri imafupika pafupifupi mamilimita atatu pa mita iliyonse ikazizira chotere, kotero kuti ya mamita 100 imabwerera m'mbuyo masentimita 30. Ndipo ngati kunsi kwake kwazizira msanga pamwamba pakadali pofunda, imapindika, niikoka zogwirira zake, ndi kumasula mfundo zimene dzulo zidali zothina.

Chifukwa chake palibe mmisiri amene amatsegula valavu tsiku loyamba ndi kulola gasi kulowa. Ntchitoyi ili ndi mwambo wake, ndipo mwambowo sudumphika. Poyamba amatsuka, pakuti m'mapaipi otalika makilomita ambiri omanga amasiyamo dzimbiri, mchenga, zidutswa za zowotcherera, nthawi zina ngakhale magolovesi ndi nsanza, ndipo zonsezi ziyenera kuuluzidwa ndi mpweya wamphamvu zisanafike ku makina opanikiza gasi, amene mtengo wake ndi wosaneneka. Kenaka amayesa kulimba: matanki amathiridwa madzi wamba, mapaipi amapanikizidwa koposa muyeso umene adzagwirire ntchito, ndipo mfundo iliyonse imafufuzidwa ngati ikudontha. Koma madzi omwewo amene athandiza lero adzasanduka mdani mawa, pakuti kadontho kotsalira m'kati mwa valavu kadzauma gwa nikatseka njira. Motero amaumitsa zonse ndi mpweya wouma kwa masiku ambiri. Atatero amapirikitsa mpweya umene ife timapuma polowetsa nayitirojeni, chifukwa methane amayaka akasakanikirana ndi mpweya wamba pa muyeso wa magawo 5 kufikira 15 pa 100, ndipo munthu wanzeru salola awiriwa kukumana m'kati mwa paipi. Pamapeto penipeni ndi pamene kuziziritsa kumayamba, madigiri owerengeka okha pa ola, maso a amisiri ali pa zoyezera usana ndi usiku. Amayi oumba mbiya amalidziwa lamulo limeneli popanda sukulu: mbiya yaiwisi amaiumitsa pamthunzi masiku ambiri asanaionetse moto, pakuti yothamangitsidwa imang'aluka, ndipo mng'alu wake sumatika.

Gasi mwini wake nayenso saloledwa kufika kumalo ozizira ali wodetsedwa. Mpweya wa carbon dioxide uyenera kuchotsedwa, pakuti ukazizira umalimba ndi kutseka timapaipi ting'onoting'ono. Chinyezi chiyenera kuyamwidwa chonse. Ndipo mekyule, ngakhale akhale wochepa motani, ayenera kukodwa, chifukwa amadya aluminiyamu amene makina oziziritsira amapangidwa naye. Pambali pa izi pali zoyezera ndi mabelu ochenjeza zikwizikwi, ndipo chilichonse chiyenera kutsimikizidwa kuti chikanena kuti valavu yatsekeka, valavuyo yatsekekadi. Ntchito yotopetsa imeneyi, ya munthu mmodzi ali pa kompyuta m'chipinda chowongolera ndi mnzake ali padzuwa ndi wailesi m'manja, kuitanizana nambala ndi nambala kwa miyezi, ndiyo imene mabwana amaiyang'ana ndi diso lokhumba kuidula nthawi ikatha.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsono tiyeni tione zimene anzathu adaona. Ku Soyo, pafupi ndi pamene mtsinje wa Congo umathira m'nyanja, fakitale ya Angola LNG, imene idadya madola pafupifupi mabiliyoni 10, idatumiza sitima yake yoyamba mu Juni 2013 itachedwa kale. Idagwira ntchito motsimphina miyezi khumi, ndipo mu Epulo 2014 paipi yopita ku nsanja yootchera gasi idaphulika, fakitale niitsekedwa kufikira 2016, amisiri akukonzanso zimene zidalakwika pa mapulani ake. Ku Australia, pa chilumba cha Barrow, fakitale ya Gorgon, ya madola mabiliyoni 54, idatumiza sitima yoyamba mu Malichi 2016, ndipo masiku owerengeka pambuyo pake idaima chifukwa cha vuto la m'makina oziziritsira. Prelude, fakitale yoyandama ya kampani ya Shell, yotalika mamita 488, idafika pamalo ake pa nyanja ya ku Australia komweko mu Julayi 2017, koma gasi wamadzi woyamba adachoka mu Juni 2019. Mu Febuluwale 2020 idaima pafupifupi chaka chathunthu chifukwa cha magetsi, ndipo mu Disembala 2021 moto udathimitsa magetsi onse, kotero kuti bungwe la boma loyang'anira chitetezo pa nyanja, NOPSEMA, lidalamula kuti isayambenso kufikira eni ake atasonyeza kuti angathe kuteteza anthu okhalamo. Awa sadali makampani osauka, kapena a mainjiniya osaphunzira.

Nanga cholakwika chimakhala chiyani? Ine ndiona kuti muzu wake uli pa kagawidwe ka nthawi. Tsiku la sitima yoyamba limalonjezedwa zaka zisanu ntchito isanathe, pamaso pa mabanki, ogula ndi nduna za boma. Ndipo pamene ojambula mapulani achedwa, opanga zipangizo nachedwa, omanga nachedwanso, tsikulo silisuntha, koma iliyense amadya nthawi ya womutsatira, kufikira woyesa makina, amene ali kumapeto kwa mzere, alandira nyenyeswa za miyezi imene adalonjezedwa. Pamenepo iye ayesedwa wochedwetsa ntchito, chonsecho iye ndiye woyamba kunena zoona za fakitaleyo. Palinso kusamvana kwina kobisika: womanga amaganiza ndi malo, nafuna kumaliza mbali ya kum'mawa asanapite kumadzulo, chifukwa amalipidwa ndi matani a chitsulo chimene waimika, pamene woyesa amaganiza ndi njira ya gasi, ya magetsi, ya madzi ozimira moto, ndipo njira imodzi yotere imadutsa kum'mawa ndi kumadzulo komwe. Fakitale ingathe kunenedwa kuti yatha magawo 95 pa 100, koma osapezeka ndi njira imodzi yomwe yathunthu yoti munthu aiyese.

Mankhwala ake ndi odziwika, ngakhale amawawa pomwa. Woyesa makina ayenera kukhala pa tebulo tsiku limene mapulani ayamba kujambulidwa, pamodzi ndi anthu amene adzayendetse fakitaleyo zaka makumi awiri, kuti anene pamene pafunika potulutsira madzi, polowetsera nayitirojeni, ndi poikira zoyezera kuzizira, zinthu zotsika mtengo papepala koma zodula kwambiri chitsulo chikaotchereredwa kale. Dongosolo la kumanga liyenera kutsata dongosolo la kudzutsa: magetsi, mpweya woyendetsa mavalavu, madzi ozimira moto ndi nsanja yootchera gasi zithe poyamba, zina zitsate. Zotsalira zonse zilembedwe m'kaundula mmodzi, zosiyanitsidwa pakati pa zimene gasi sangalowe zisanakonzedwe ndi zimene zingadikire; ndipo munthu wosayina kuti njira yakutiyakuti yakonzeka akhale wina, wosalandira bonasi ya tsiku la sitima yoyamba. Ichi chotsirizachi ndicho chivuta koposa, pakuti chimafuna kuti bwana wamkulu avomere kumva mawu akuti "ayi, sizinakonzeke" kuchokera kwa munthu wa malipiro ochepa kuposa ake.

Wina anganene kuti ndikulalikira ulesi, nandikumbutsa za ku Germany. Indedi, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itadula gasi wa m'mapaipi mu 2022, Ajeremani adamanga doko lolandirira gasi ku Wilhelmshaven m'masiku osakwana 200, ndipo mtsogoleri wawo wa nthawi imeneyo, a Olaf Scholz, adalitsegula pa 17 Disembala chaka chomwecho. Koma tiyang'anitsitse chimene adamanga. Mtima wa dokolo udali sitima ya Höegh Esperanza, yokhala ndi matanki ndi makina otenthetsera gasi m'kati mwake, yomangidwa ndi kuyesedwa zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo idafika ili yozizira kale, itanyamula gasi wamadzi woyambira ntchito. Chimene chidamangidwa mwachangu ndi pokocheza pake ndi paipi yopita kumtunda. Liwiro lawo lidachokera pa kuyesa kumene kudachitika kale kwina. Momwemonso Coral Sul idapindula pomangidwa yathunthu ku Geoje, kumene zambiri za magetsi ndi zoyezera zikadatha kuyesedwa sitima ili padoko, amisiri ali pafupi ndi zida zawo, m'malo moyembekeza kukazitulukira pakati pa nyanja, kumene bawuti imodzi yosowa imadikira helikopita. Cholakwa chopezeka kumalo omangira chimakonzedwa ndi masiku; chomwecho chikapezeka gasi atalowa chimafuna kutseka, kutenthetsa, kupirikitsa gasi, kukonza, ndi kuyambanso mwambo wonse uja kuchokera pachiyambi.

Nzeru ina imene yafala m'zaka zino imaoneka ngati yopotoka poyamba kuimva: fakitale yomangidwa kuti itumize gasi imayamba ndi kugula gasi. Prelude idatero mu 2018, ndipo LNG Canada ya ku Kitimat idalandira sitima ya gasi wamadzi mu Epulo 2025 isanatumize yake yoyamba kumapeto kwa Juni. Cholinga chake ndi chakuti matanki ndi mapaipi a padoko aziziritsidwe ndi kuyesedwa pawokha, osadikira makina aakulu, ndiponso kuti gasi wootchedwa pachabe achepe. Pakuti m'masiku oyamba, gasi wosafika muyeso sangagulitsidwe ndipo sangasungidwe. Amapita ku nsanja yaitali nayaka, malawi ake kuoneka kutali ndi mkokomo wake kumveka usiku wonse. Anthu a ku Hammerfest, kumpoto kwa Norway, adaona mwaye ukugwera pa mzinda wawo pamene fakitale ya pa chilumba cha Melkøya inkayamba movutika mu 2007, ndipo a ku Kitimat nawonso adadandaula za malawi ndi phokoso. Walira mvula walira matope, ndi zoona. Koma mnansi amene sadalire mvulayo ayenera kuuzidwa pasadakhale, m'chinenero chake, kuti moto udzayaka liti, masiku angati, ndi kumene angakadandaule. Kampani imene imabisa ichi imadzipangira adani a zaka zambiri chifukwa cha masabata ochepa.

Komabe chitsulo sichidzitsegula chokha, ndipo apa ndifuna kukhalitsa pang'ono. Pa 8 Juni 2022, pa doko la Freeport ku Texas, limodzi la madoko aakulu otumiza gasi ku America, paipi idaphulika nikutulutsa chimoto chachikulu. Palibe adafa, koma dokolo lidatsekedwa miyezi isanu ndi itatu, pa nthawi imene maiko a ku Ulaya ankalira gasi. Ofufuza adapeza kuti chigawo china cha paipi chidatsekeredwa mbali zonse chili ndi gasi wamadzi m'kati, ndi kuti valavu yopumira, imene ntchito yake ndi kutulutsa mphamvu ikachuluka, idasiyidwa yotsekerezedwa itayesedwa. Madziwo adafunda pang'onopang'ono, nafufuma, kufikira chitsulo chidalephera. Adanenanso za mabelu ochenjeza olira kawirikawiri kotero kuti anthu adawazolowera, ndi za antchito otopa ndi maola oonjezera. Dokoli silidali latsopano, koma phunziro lake ndi la masiku oyamba ndithu, pakuti m'masiku oyamba ndimo mavalavu amatsegulidwa ndi kutsekedwa kambirimbiri, zotsekera za kanthawi zimaikidwa ndi kuchotsedwa, ndipo omanga amakhala akuotcherera chitsulo mbali ina pamene mbali ina gasi walowa kale. Tsiku limene gasi alowa, malo amene dzulo adali pomangira asanduka ena. Palibenso woyatsa moto popanda chikalata cha chilolezo, ndipo wantchito amene wazolowera zaka zitatu kudutsa njira yachidule ayenera kuphunzitsidwa kuti njirayo yafa.

Tsono oyendetsa fakitale asamafike sabata yotsegulira ngati alendo oitanidwa ku phwando. Alembedwe ntchito zaka ziwiri kapena zitatu pasadakhale, atumizidwe ku mafakitale amene akugwira kale ntchito, aphunzire pa makompyuta oyerekeza fakitale yawo, kumene munthu angalakwe kakhumi osapha mnzake. Ndipo poyesa makina akhale iwo ogwira mavalavu, akatswiri obwera ali pambali pawo, pakuti katswiri wobwera adzakwera ndege kontirakiti yake ikatha, napita nazo zonse zimene makinawo adamuuza. Achuluke mokwanira kuti munthu agone. Ndipo koposa zonse, wamng'ono akhale ndi ufulu woimitsa ntchito akaona chokayikitsa, osaopa kuti mawa dzina lake lidzakhala pa mndandanda wa ochotsedwa. Pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo m'fakitale ya gasi siifa yokha.

Kufikira pano ndanena za tchimo la phuma. Koma lilipo lina, lotsutsana nalo, limene dziko lidalizindikira posachedwa. Kampani ya Venture Global idamanga doko la Calcasieu Pass ku Louisiana mwa liwiro lodabwitsa, pogwiritsa ntchito makina ang'onoang'ono 18 opangidwa ku Italy ndi kubwera nawo athunthu, ndipo idatumiza sitima yoyamba mu Malichi 2022. Pangano la malonda otere limati ogula a nthawi yaitali, amene malonjezo awo ndiwo adakopa mabanki kubwereketsa ndalama, amayamba kulandira gasi pa mtengo wogwirizana fakitale ikalengezedwa kuti yatha kuyesedwa. Kufikira pamenepo, gasi wotuluka poyesa ndi wa mwini fakitale, woti agulitse kumene afuna. Ndipo taonani, kuyesa kwa Calcasieu Pass kudatenga zaka zitatu, kufikira Epulo 2025, m'nyengo yomweyo imene mitengo ya gasi pa msika idakwera kosaneneka. Sitima mazanamazana zidachoka padokopo, ndipo imodzi mwa izo, Maria Energy, ndiyo idakatsitsa gasi ku Wilhelmshaven kuja mu Januwale 2023. Kampaniyo idati makina ake opangira magetsi adali ndi zilema zofuna kukonza. Ogula, monga Shell, BP, Edison, Repsol ndi Galp, adati fakitale yotumiza sitima sabata ndi sabata siingatchedwe yosatha. Nkhani idapita kwa oweruza milandu ya malonda, ndipo mu Ogasiti 2025 Shell idagonja, pamene mu Okutobala chaka chomwecho BP idapambana. Sindine woweruza wa mlanduwo. Chimene ndiona ndi chakuti pamene mabwalo awiri a anthu ophunzira aweruza mosiyana pa doko limodzi, mapanganowo adasiya mpata waukulu. Pangano labwino linene poyera mayeso amene fakitale iyenera kupambana, masiku amene iyenera kuyenda osaima, munthu wapadera wotsimikiza zimenezi, tsiku lomaliza losapitiririka, ndi mwini wa phindu la gasi wogulitsidwa poyesa. Boma limene msonkho wake umadalira malonda amenewa liyenera kuwerenga ndime imeneyi ndi maso awiri.

Tibwere tsopano ku Afungi, m'boma la Palma, kumene kampani ya TotalEnergies ikumanga fakitale ya pamtunda ya madola pafupifupi mabiliyoni 20, yoti izidzatulutsa matani okwana mamiliyoni 13 pa chaka, kuposa Coral Sul pafupifupi kanayi. Zigawenga zitathira nkhondo tauni ya Palma pa 24 Malichi 2021 ndi kupha anthu ambiri, ntchito idaimitsidwa mu Epulo, ndipo padapita zaka zinayi ndi theka kampani isanadziwitse boma, kumapeto kwa 2025, kuti yakonzeka kuyambiranso. Za chitetezo cha anthu a kumeneko, ndi za mabanja amene adasamutsidwira ku Quitunda kuti fakitale ipeze malo, ndi nkhani yaikulu yofuna tsamba lakelake. Koma kwa woyesa makina, zaka zoima zili ndi tanthauzo lina. Makina osagwira ntchito sakhala monga adasiyidwira: mphepo ya mchere ya m'mbali mwa nyanja imadya chitsulo, chinyezi chimalowa m'zamagetsi, labala wa m'mfundo amauma, mafuta amaonongeka, chitsimikizo cha opanga chimatha masiku, ndipo anthu amene ankadziwa chifukwa chake paipi yakuti idakhotetsedwa chotere adabalalika kukagwira ntchito kwina. Chifukwa chake kusunga zipangizo, kuzitsekera ndi nayitirojeni, kuzungulitsa mashafuti ake pa nthawi yake, ndi kulemba zonse m'buku, ndi gawo la kuyesa ngakhale kuchitike zaka zambiri gasi asanalowe. Pa ntchito imene idaimapo, chiyeso chofuna kubweza nthawi yotayika chidzakhala chachikulu koposa, ndipo nthawi yosavuta kuba idzakhala yomwe ija ya kumapeto kwa mzere.

Dziko la Mozambique lili ndi mwayi umene Angola idalibe mu 2013, pakuti laona kale fakitale imodzi ikudzutsidwa m'madzi ake, ndipo ina yofanana nayo, Coral Norte, idavomerezedwa mu Okutobala 2025 kuti iyambe ntchito mu 2028. Fakitale yachiwiri yomangidwa pa mapulani a yoyamba ili ndi mphunzitsi wokonzeka, ngati zolakwa zonse za yoyambayo zidalembedwa moona mtima ndipo oziwerenga alipo. Bungwe la boma loyang'anira mafuta ndi gasi, Instituto Nacional de Petróleo, ndi kampani ya boma ya ENH, imene ili ndi gawo m'ntchito zimenezi, zifunika mainjiniya awoawo odziwa kuwerenga kaundula wa mayeso, otha kukwera pa fakitale ndi kufunsa kuti valavu iyi adaiyesa ndani, ndi a mphamvu zokana chilolezo cholowetsa gasi monga adachitira a NOPSEMA ku Australia. Anthu otere sapangidwa ndi semina ya masiku atatu ku hotela; amapangidwa ndi kuima pambali pa makina m'miyezi yeniyeni yoyesayo, imene pa fakitale iliyonse imadza kamodzi kokha.

Kwa atsogoleri a ku Maputo, ndi kwa aliyense wa m'chigawo chathu chino amene tsiku lina adzasayine pangano la doko la gasi, pempho langa ndi ili: musalengeze tsiku la sitima yoyamba musanafunse woyesa makina miyezi imene afuna, mulembe m'pangano chiyambi ndi mathero a kuyesako, ndipo mutumize anyamata ndi atsikana a dziko lanu kumalo omangira Coral Norte ndi ku Afungi tsopano lino, mapaipi akadali otsegula ndi ofunda, pakuti gasi akadzalowa sukulu imeneyi idzakhala itatsekedwa.